Kandimverere wa Mpando Wakumbuyo

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Akuluakulu ankatero pochenjeza munthu amene amatuma mnzake kubwalo kuti akamumverere nkhani, iye atatsala phee pakhonde. Wotumidwayo amapita ndithu, amakhala pansi n'kutchera khutu, koma pobwerera mawu ena amagwera panjira, ena amasanduka, ndipo mwini nkhani amalandira zoduka mutu. Nthawi zina mthenga salakwa kanthu. Mwina wapeza mlatho utakokoloka, mwina wapeza pampando pali mfumu yatsopano yosamva chiyankhulo chake. Koma mbiri ikafika kumudzi yoti zinthu sizinayende, chala chimaloza iye.

Mabatani a wailesi amene amakhala kumpando wakumbuyo m'galimoto zina ndi amithenga otere. Ambiri mwa iwo alibe nyimbo yawoyawo. Sagwira siteshoni, sakuza mawu paokha. Munthu akadina batani lokwezera mawu, kabokosi kakumbuyo kokhala ndi mabataniwo kamangotumiza pempho kutsogolo, ndipo wailesi ya padashibodi ndiyo imachitapo kanthu. N'chifukwa chake mabataniwa akaleka kugwira ntchito, mmisiri wodziwa ntchito yake sathamangira kuwazula. Amayamba wadzifunsa kuti uthengawo wathera pati.

Amene anaganiza zoika mabatani kumbuyo anali ndi anthu amitundu iwiri m'maganizo. Ku Japan, Toyota Crown, imene inayamba kupangidwa mu 1955, ndi Toyota Century ya mu 1967, ndi galimoto zimene eni ake ena sagwira chiwongolero. Pa mitundu yapamwamba ya Crown, monga Majesta, potsamira mkono pakati pa mpando wakumbuyo pamakhala mabatani a wailesi ndi a mpweya, kuti bwana asachite kupempha dalaivala. Ku America nzeru yomweyi inapangidwira ana. Ford Windstar, Ford Expedition ndi Chevrolet Suburban zinali ndi kabokosi kumbuyo kokhala ndi timabowo ta mahedifoni, kuti ana azimvera zawo makolo akumvera nkhani kutsogolo. M'galimoto ina kumbuyo kumakhala wolamula, mu inzake kumakhala olamulidwa, koma onsewo mawu awo amayenda pa waya umene sauona. Ife a minibasi batani lathu ndi pakamwa: “Akondakitala, tawauzani adalaivala achepetseko phokosolo.” Ndipo timadziwa bwino kuti uthenga wotero kawirikawiri umathera pachitseko.

Taonani mmene nkhani zoterezi zimafikira kwa amisiri a zamagetsi a galimoto, kaya ku Biwi mu Lilongwe kaya ku Ndirande. Galimoto imabwera ndi dalaivala.

“Amisiri, abwana akuti mabatani akumbuyowa afa. Akuti mungosintha.”

“Afa bwanji, achimwene? Sakuyaka n'komwe, kapena akuyaka koma wailesi sikuwamvera?”

“Aaa, ine kumbuyoko sindikhalako. Angondiuza kuti afa.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apa wamva m'mimba watsala ku ofesi. Mmisiri wanzeru amatsekula chitseko chakumbuyo, n'kukhala pa mpando wa bwana uja, n'kuyamba kudina batani lililonse palokha. Pakuti m'mawu amodzi akuti “afa” muli matenda anayi osiyana. Kabokosi kakhoza kukhala kozimiratu. Kakhoza kumawala bwinobwino koma wailesi osakamvera. Kakhoza kumveredwa mokhota, munthu akufuna kusintha siteshoni mawu n'kumakwera. Kapenanso mabatani ali bwino, koma masipika akumbuyo ndiwo ali duu. Nthenda iliyonse ili ndi njira yake, ndipo wosasiyanitsa adzamasula theka la galimoto pofuna chinthu chimene chili kwina.

Safunsa adadya phula, ndipo woyamba kufunsidwa ndi buku la galimotoyo. Zambiri zimene anthu amati zawonongeka zimakhala kuti zinachita kuzimitsidwa. Pa ma Ford a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, dalaivala akadina pamodzi batani 3 ndi batani 5 pa wailesi yakutsogolo, mabatani akumbuyo amatsekeka. Akadinanso chimodzimodzi amatsekuka, ndipo kachizindikiro ka mahedifoni kamaonekera pa wailesipo. Anakonza dala kuti kholo lithe kuletsa ana kusewera ndi nyimbo. Koma wotsuka galimoto akamapukuta dashibodi ndi nsanza akhoza kudina awiriwo osadziwa, mwini wake n'kuyendera magalaja atatu. Pa Chevrolet Suburban ndi Tahoe, kabokosi kakumbuyo kakayatsidwa masipika akumbuyo amatonthola kuti omvera mahedifoni asasokonezeke. Mwana akakayatsa n'kutsika, mawa bambo adzalumbira kuti masipika apsa. Ndiye pali fader, imene imagawa mawu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Wina akaikankhira yonse kutsogolo, kumbuyo kumakhala zii ngakhale waya aliyense ali wamoyo. Zonsezi zimatha ndi chala, osagwira sipanala.

Izi zikalephera, mmisiri amayamba kufunsa ngati mthenga wadya. Kabokosika kamafuna magetsi ochokera ku kiyi, kamafuna waya wa earth womangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndipo kali ndi waya wina wapadera wa timagetsi tounikira mabatani usiku. Waya wachitatuyu ndiye amapusitsa anthu. Amayendera limodzi ndi magetsi ang'onoang'ono a galimoto, choncho mabatani akhoza kuwala mokongola usiku pomwe m'kati mwake mulibe moyo. Batire labwino injini itazima limaonetsa ma volt pafupifupi 12.6, ndipo injini ikulira amafika cha m'ma 14. Nambala imeneyi iyenera kupezeka pa pulagi ya kabokosiko, osati pa bokosi la mafyuzi pokha, chifukwa pakati pa malo awiriwa pali mtunda wa waya wodutsa pansi pa kapeti ndi pansi pa mipando.

Fyuzi nayo imanenezedwa zambiri. Yofiira ndi ya ma amp 10, ya buluu 15, yachikasu 20, ndipo iliyonse inaikidwa molingana ndi kukula kwa waya amene ikuteteza. Ikapsa kamodzi mwina ndi ukalamba. Ikapsa kawiri, ndiye kuti kwinakwake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Fyuziyo yafera ntchito yake. Wokulunga kawaya m'malo mwake, kapena woika ya 30 pamalo pa ya 10, wachotsa mlonda n'kusiya wakuba m'nyumba, ndipo chimene chidzapse ulendo wotsatira ndi waya wa pansi pa kapeti.

Za earth zimafuna maso. Tukulani kapeti pafupi ndi mpando, mupeza kabawuti komanga timawaya tingapo ku chitsulo. M'galimoto imene inalowapo madzi, kaya a mvula odontha pa labala ya chitseko kaya a otsuka amene amathira ndi ndowa, thonje la pansi pa kapeti limasunga chinyontho kwa masabata. Kabawuti kaja kamakhala kofiirira ndi dzimbiri, ndipo mkuwa wa waya umamera zobiriwira zonga ufa. Ukagwedeza umaona kuti n'kolimba ndithu, koma magetsi akudutsa movutikira. Mmisiri amaika waya wina wa mita yake pa earth ya kabokosi, wina pa chitsulo choyera, wailesi ili chiyakire. Nambala iyenera kukhala pafupi ndi 0. Ikakwera kuyandikira volt yathunthu, wolakwa wapezeka, ndipo mankhwala ake ndi sandipepa ndi sipanala ya nambala 10.

Koma kuno kwathu nkhani yaikulu ili kutsogolo. Galimoto zambiri za m'misewu ya Malawi ndi Zambia zinayendapo kale ku Japan, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Ku Japan wailesi za FM zakhala zikuulutsa pakati pa 76 ndi 90 MHz, ndipo pambuyo pake anawonjezera kufika 95. Kuno timaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Mwini galimoto akangodutsa pa chipata cha Songwe n'kuyatsa wailesi, amapeza kuti masiteshoni ambiri ali kunja kwa malire ake, ndipo zolembedwa pa sikirini n'za Chijapani. Ena amagula kachipangizo kolumikiza ku waya wa eriyo kamene kamatsitsa masiteshoni ndi nambala yokhazikika; ngati n'ka 14 MHz, siteshoni ya pa 100 imaonekera pa 86. Ena amangoti zachabechabe, n'kuzula wailesi yonse, n'kuika ya Android ya sikirini yaikulu. Tsiku limenelo ndi chisangalalo: nyimbo za mufoni, mapu, kamera yobwerera m'mbuyo. Patapita sabata, wokhala kumbuyo amadina batani lake, zii. Chakomachakoma pusi adagwa chagada.

Chimene chachitika n'chakuti mfumu yasintha. Pa galimoto zambiri za Toyota ndi Lexus, wailesi, ampulifaya, chosinthira ma CD ndi zipangizo zina zotere zimayankhulana pa mawaya awiri, TX+ ndi TX-, m'dongosolo lotchedwa AVC-LAN, limene linamangidwa pa IEBus ya kampani ya NEC. M'dongosolomu chipangizo chimodzi, wailesi kapena sikirini yakutsogolo, ndicho chimatsogolera. Zinazo zimadikira kuitanidwa ndi kupatsidwa malo. Wailesi yatsopano sidziwa n'komwe kuti kuli chiyankhulo chotero. Kabokosi kakumbuyo kali bwinobwino, magetsi kali nawo, koma kakuyankhula ndi mpando wopanda munthu. Pa galimoto zokhala ndi ampulifaya yapadera zimaposa apa, chifukwa nayonso imadikira kuuzidwa pa mawaya omwewo kuti idzuke ndi kuti mawu akwere bwanji. Popanda uthengawo galimoto yonse imakhala chete.

Umboni wake umaoneka mukasolola wailesi yatsopanoyo. Kuseri kwake kuli mtolo wa mawaya opotedwa ndi manja, okulungidwa tepi yakuda imene kutentha kwa mu Okutobala kwaisungunula mpaka kumata zala. Mukaunika ndi tochi m'katimo, pakona pali kapulagi kamodzi kolendewera, koyera bwino, kopanda polowa. Kapulagi kameneko ndiko kanali khomo la uthenga wonse wochokera kumbuyo. Mukakhala ndi mwayi woikayo anangokasiya. Mukakhala ndi tsoka anakadula ndi pulayala n'kukataya, poganiza kuti chosalowa paliponse n'chopanda ntchito. Njira zotulukira zilipo zitatu: kufuna adaputala yopangidwira galimoto ya mtundu umenewo, yomasulira pakati pa ziyankhulo ziwirizi, ngati ilipo; kubwezeretsa wailesi yakale n'kuiikira kachipangizo ka FM kaja; kapena kuvomereza kuti walira mvula walira matope. Kugula kabokosi kena kakumbuyo sikuli pa mndandandawu, chifukwa katsopanoko kadzapezanso mpando uli wopanda munthu.

Ngati wailesi ndi yomwe inabwera ndi galimoto, mmisiri amapima njira. Magetsi atazimitsidwa, pakati pa TX+ ndi TX- pamayenera kuoneka ma ohm 60 mpaka 80. Mita ikaonetsa kuti palibe kulumikizana kulikonse, waya waduka penapake. Ikaonetsa pafupifupi 0, awiriwo akhudzana. Ndipo waya saduka paliponse ayi. Amaduka pamene amapindika tsiku ndi tsiku: pa hinji ya chotsamira mkono chimene chimatsitsidwa ndi kukwezedwa, m'kapaipi ka labala kolowera ku chitseko, pansi pa njanji ya mpando umene umakankhidwa uku ndi uku. Mkuwa umathyokera m'kati chikopa chili chosalala, moti ndi maso simungaone kanthu. Mmisiri amadina batani ndi dzanja lina, linalo akugwedeza chotsamira mkono pang'onopang'ono. Wailesi ikamvera chili m'mwamba n'kukana chili pansi, malo apezeka. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo waya wa mamita atatu amatsatidwa chikhatho ndi chikhatho.

Za m'maluwa zenizeni zimachitika pa mabatani amene sayankhula ndi manambala a kompyuta koma ndi kukana kwa magetsi. Mabatani angapo amagawana waya mmodzi, ndipo lililonse lili ndi resistor yake. Wailesi imazindikira batani lodinidwa poona kuchuluka kwa ma ohm. Pa ziwongolero za Toyota zambiri, batani lobwezera siteshoni m'mbuyo limapereka pafupifupi ma ohm 330, lokwezera mawu pafupifupi 1,000, lotsitsira pafupifupi 3,100. Mabatani ena akumbuyo amayenda m'njira yomweyi. Tsono kumbuyo ndi kumene kumatayikira Fanta, kumene kumagwera zinyenyeswa za mabisiketi, kumene fumbi la msewu wa dothi limakhazikika. Litsiro likamata pa kachitsulo ka m'batani limawonjezera ma ohm ake. Batani la 330 likawonjezeredwa mazana angapo limayandikira 1,000, ndipo wailesi imamva kuti mwapempha phokoso pomwe inu munapempha siteshoni ina. Palibe chimene chapsa. Kumasula, kutsuka ndi mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi, kuumitsa, basi. Kabowo ka mahedifoni nako kamanama chimodzimodzi m'galimoto zimene zimazindikira zokha kuti mwalowetsa pulagi: kansonga kothyokera m'katimo kamachititsa galimoto kukhulupirira kuti wina akumvera payekha, n'kutontholetsa masipika.

Masipikawo ali ndi mayeso ake osavuta. Ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4, ndipo mita imaonetsa pakati pa 3 ndi 4. Mukachotsa mawaya ake ku ampulifaya n'kuwakhudzitsa kwa kamphindi pa batire la tochi la 1.5 V, sipika yamoyo imati tho. Yosayankha ndiye kuti yapita, kapena waya wake waduka. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo masipika akumbuyo akhoza kutha msanga m'galimoto zimene dalaivala amakweza mawu iye ali kutali nawo.

Pali tsiku lina pamene kabokosi kakumbuyo kamakhaladi kolakwa, ndipo pamenepo mlandu umakula kuposa nyimbo. Pa Chevrolet Suburban, Tahoe ndi GMC Yukon za 2003 mpaka 2006, zipangizo zambiri za m'galimoto zimayankhulana pa waya mmodzi yekha wa dongosolo la General Motors lotchedwa Class 2. Wailesi ili pamenepo, mamita a padashibodi ali pamenepo, makompyuta a galimoto ali pamenepo, ndiponso zakumbuyo zija. Chipangizo chimodzi chikachita shoti n'kugwetsera waya ameneyu ku chitsulo, onse amasowa poyankhulira. Mivi ya padashibodi imagona, timagetsi tochenjeza timayaka, ndipo galimoto ikhoza kukana kulira. Nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mmisiri amapita pamene mawaya a zipangizozo amakumana, n'kumazichotsa chimodzichimodzi mpaka zotsalazo zitayambanso kumvana. Chimene chachotsedwa komaliza ndicho chinali kutseka anzake pakamwa. Munthu amene anabwera kudzadandaula za injini amadabwa kumva kuti vuto linali ku kabokosi kamene mwana anathirapo chakumwa.

Pofufuza zonsezi pali malo amodzi ofunika kuwaopa. Pansi pa mipando pamadutsanso mawaya a airbag, ndipo mapulagi ake amakhala achikasu dala kuti aliyense awazindikire. Khoswe wa pamkhate sapheka: vuto likakhala pafupi ndi mawaya amenewa, dzanja liyenera kupepuka. Asanamasule mpando, mmisiri amazimitsa kiyi, amachotsa waya wa negetivu ku batire, n'kudikira. A Toyota amati masekondi osachepera 90. Tesita ndi mita sizikhudza pulagi yachikasu ngakhale pang'ono. Nyimbo sizili zoti munthu n'kutayirapo nkhope.

Ndikalingalira kakonzedwe ka zipangizozi, chimodzi chimandikhalira m'mutu. Opanga Ford anaika lamulo lakuti kutsogolo ndi kumbuyo zikafuna zosiyana pa chinthu chimodzi, kutsogolo ndiko kumapambana. N'zomveka, pakuti tambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo wogwira chiwongolero sayenera kudzidzimutsidwa ndi phokoso pa liwiro. Koma lamulo lomwelo lili ndi mthunzi wake. Loko ali kutsogolo, fader ili kutsogolo, mphamvu yosintha wailesi yonse ili kutsogolo, ndipo wakutsogoloyo nyimbo amamva bwinobwino. Choncho iye ndiye womaliza kudziwa kuti kumbuyo mawu anatha. Akhoza kuyenda chaka chathunthu ali wokhutira, poti palibe dandaulo limene lamufika. Zimenezi sizichitika m'galimoto mokha. Mkulu wa pantchito amene amati antchito ake alibe madandaulo, kapena mtsogoleri amene amati kumudzi kuli bata, ndi bwino atayamba waona ngati pokonza zinthu kuti zimukomere sanadule kapulagi kena n'kukataya.

Ndiyeno pali nkhani ya malipiro, imene imasonyeza mtima wathu. Mmisiri amene watha theka la tsiku akutsata waya, n'kupeza kabawuti ka dzimbiri, n'kukapala, akatchula mtengo amamva mawu akuti, “Ndalama zonsezo kabawuti kokhaka, amisiri?” Koma amene wangoyang'ana n'kunena kuti kabokosi kapsa, tiitanitse ku Japan, amalemekezedwa, ndipo mwini galimoto amadikira masabata n'kulipira mosanyinyirika, chifukwa chinthu chogwirika chafika m'manja. Kabokosi katsopano kakalephera, amati mwina n'kachinyengo, n'kuitanitsa kena. Tikamatero timaphunzitsa amisiri athu kuti kuganiza kulibe phindu, kuti ndalama ili m'kusintha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo nayenso ali ndi ana ofuna fizi. Mwini galimoto amene akufuna kuti vuto lake lipezeke ayenera kubwera yekha kapena kubwera ndi amene amakhala kumbuyoko, anene chimene chinasinthidwa m'galimotomo vutolo lisanayambe, asunge wailesi yakale ndi mapulagi ake ngakhale ataika ina, ndipo alipire maola a kufufuza monga momwe akanalipirira sipeya.